Tchalitchi cha Escomb: Chinapulumuka Bwanji Zaka 1,300?

Kumpoto chakum'mawa kwa England, m'chigawo cha County Durham, kuli mudzi waung'ono wotchedwa Escomb. Uli m'mbali mwa mtsinje wa Wear, mtunda wosakwana makilomita atatu kuchokera m'tauni ya Bishop Auckland. Pakatikati pa mudziwo, pamalo ozunguliridwa ndi nyumba wamba za masiku ano, pali tchalitchi cha miyala chaching'ono, chopapatiza koma chachitali msinkhu, chimene munthu wothamangira zake akhoza kuchidutsa osachicheukira n'komwe. Zipupa zakezo zaima pamenepo zaka pafupifupi 1,300. Akatswiri ambiri amati chinamangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 600 kapena m'zaka za m'ma 700, ndipo mpaka lero akhristu a mpingo wa Anglican amapempheramo. M'dziko lonse la England, matchalitchi a nthawi ya Anglo-Saxon, chaka cha 1066 chisanafike, amene atsala athunthu chonchi ndi ochepa kwambiri.

Mlendo akamva zaka zimenezi amafulumira kuganiza kuti mibadwo yonse ya ku Escomb inkachisamala tchalitchichi ngati chuma cha mtengo wapatali. Mbiri yake sikutero. Chimene chinachiteteza kwa zaka mazana ambiri ndi umphawi wa mudziwo komanso kusatchuka kwake. Panalibe munthu wandalama wofuna kusiya dzina lake pochigwetsa n'kumanga china chachikulu. Ndipo nthawi imene ndalama ndi anthu zinachuluka m'deralo, m'pamene chinatsala pang'ono kutheratu.

Anthu amene anachimanga

Ulamuliro wa Aroma pachilumba cha Britain unatha cha m'ma 410. M'zaka zotsatira kunabwera mitundu ya anthu ochokera kutsidya kwa nyanja, kumadera amene lero ndi kumpoto kwa Germany ndi Denmark: Angles, Saxons ndi Jutes. Anakhazikika, nasakanikirana ndi amene anawapeza, nakhazikitsa maufumu angapo. Nyengo yonse kuyambira pamenepo kufikira 1066, pamene William wa ku Normandy analanda dzikolo, ndi imene imatchedwa ya Anglo-Saxon. Ndi zaka zoposa 600, choncho munthu akati "tchalitchi cha Anglo-Saxon" sanatiuze zambiri. Cha m'ma 680 ndi cha m'ma 1050 n'zotalikirana kuposa mmene ife tatalikirana ndi nthawi ya David Livingstone.

Anthuwa pofika sanali akhristu. Chikhristu chinawapeza kuchokera mbali ziwiri. Kum'mwera, Papa Gregory anatuma Augustine, amene anafika ku Kent mu 597 nalandiridwa ndi mfumu Æthelberht. Kumpoto, mu ufumu wa Northumbria momwe muli Escomb, mfumu Edwin inabatizidwa ku York mu 627, m'katchalitchi ka mitengo kamene anakamanga mofulumira chifukwa cha ubatizowo. Edwin ataphedwa kunkhondo mu 633 ntchitoyo inabwerera m'mbuyo, mpaka mfumu Oswald inaitanitsa amonke ku chilumba cha Iona. Aidan anabwera mu 635 nakhazikika pa chilumba cha Lindisfarne. Miyambo iwiriyi, wa ku Roma ndi wa ku Iona wochokera ku Ireland, inkasiyana pa zinthu zingapo, makamaka kawerengedwe ka tsiku la Pasaka. Mkanganowo unaweruzidwa pa sinodi ya ku Whitby mu 664, ndipo mfumu Oswiu inasankha njira ya ku Roma.

Apa pali mfundo yofunika kwa aliyense woyang'ana zipupa za Escomb. Anthu a Anglo-Saxon anali amisiri a mitengo. Nyumba zawo, ngakhale za mafumu, zinali za mitengo ndi udzu. Tchalitchi chimene bishopu Finan anamanga ku Lindisfarne, likulu lenileni la mpingo kumpotoko, chinali cha mitengo ya oak, chofoleredwa ndi bango. Kumanga ndi miyala kunali chinthu chachilendo, chosonyeza kuti womangayo maso ake ali ku Roma. Benedict Biscop atayambitsa nyumba ya amonke ku Wearmouth mu 674, anawoloka nyanja kukatenga amisiri a miyala ku Gaul, dziko limene lero ndi France, ndipo pambuyo pake anaitanitsanso amisiri a magalasi, chifukwa luso limenelo kunalibe kwawoko. Bishopu Wilfrid nayenso anamanga ndi miyala ku Ripon ndi ku Hexham m'zaka zomwezo za m'ma 670. Escomb ili pa mtsinje womwewo wa Wear umene umakathera ku Wearmouth. Amene anachimanga sadziwika dzina, koma anali munthu wotha kupeza amisiri osowa ngati amenewo, ndiponso anthu ndi ng'ombe zokoka miyala.

Miyala ya Aroma

Miyala yambiri ya tchalitchichi sanaifukule m'phiri. Makilomita ochepa kuchokera ku Escomb, pamalo otchedwa Binchester, panali linga la asilikali a Aroma lotchedwa Vinovia, limene linamangidwa cha m'chaka cha 80 A.D. kuti liziteteza msewu waukulu wa Dere Street pamene ukuwoloka mtsinje wa Wear. Pofika nthawi ya omanga Escomb, lingalo linali bwinja lodzaza ndi miyala yosemedwa kale bwinobwino. Anangoitola.

Umboni wake uli poyera kwa amene waima pafupi ndi khoma. Miyala yambiri ili ndi timizere tosemedwa mopingasa, todutsana, mmene amisiri a Aroma ankasalazira miyala yawo. Pakhoma la kumpoto, panja, pali mwala wolembedwa LEG VI, chizindikiro cha gulu lachisanu ndi chimodzi la asilikali a Roma, limene linafika ku Britain cha m'ma 122 ndipo likulu lake linali ku York. Mwalawo anauika chadodolido, zilembo zili mutu pansi. Ena amati womangayo sankatha kuwerenga. Ena amati sizinamukhudze, poti khomalo mwina linkadzamatidwa ndi pulasitala. Ine ndimatsamira ku ganizo lachiwirili. Mmisiri amaona mbali imene mwala ukhale bwino pamzere, osati zimene zalembedwapo. M'kati, m'mbali mwa zenera lina la kumpoto, mulinso mwala wogonekedwa cham'mbali wokhala ndi mawu a Chilatini akuti bono rei publicae nato, otamanda wolamulira kuti anabadwira ubwino wa dziko.

Mukayang'ana khoma kuyambira pansi kukwera m'mwamba muona kuti miyala ikuluikulu ili m'munsi ndipo ikumka nichepa. Pa makona anaikapo miyala yaikulu zedi, yogonekedwa mosinthanasinthana, wina utali wake kuloza mbali iyi, wotsatira kuloza mbali inayo, kuti zipupa ziwirizo zilumane. Makomawo ndi opyapyala poyerekeza ndi kutalika kwake: kuchindikala kwake ndi masentimita pafupifupi 70, pamene kutalika ndi mamita ngati 7. Amisiri a Norman amene anabwera pambuyo pa 1066 ankamanga makoma ochindikala kwambiri, odzazidwa zibuma pakati. Kupyapyala kwa khoma ndi chimodzi mwa zinthu zimene akatswiri amayamba kuyeza akamakayikira kuti tchalitchi china chili ndi mbali za Anglo-Saxon.

Pakhoma la kum'mwera, m'mwamba ndithu, pali wotchi ya dzuwa yosemedwa pa mwala, yokhala ndi mizere itatu yokha, ndipo pamwamba pake pali chosema chonga njoka yokhota. Ambiri amati mizereyo inkasonyeza nthawi za mapemphero a masana, osati maola monga tiwawerengera lero. Imatengedwa kuti ndi imodzi mwa mawotchi a dzuwa akale kwambiri ku England amene akadali pamalo pake. Musaisokoneze ndi ina imene ili pakhonde lolowera, imeneyo ndi ya m'zaka za m'ma 1600. Manda ozungulira tchalitchichi nawo ali ndi chodabwitsa chawo: mpanda wake ndi wozungulira, osati wa makona anayi. Ena amaona pamenepo chizindikiro cha mwambo wa akhristu a ku Ireland kapena wa eni dziko akale, mwinanso malo opatulika amene analipo tchalitchi chisanabwere. Ganizolo n'lokoma kumva, koma mpanda wozungulira pawokha sungatsimikize zimenezo.

Mukalowa m'kati

Choyamba kukugwirani ndi kapangidwe ka chipindacho. Mbali ya anthu ndi mamita 13 ndi pang'ono m'litali, koma mamita osakwana anayi ndi theka m'lifupi. Ndi yopapatiza, ndipo makoma akukwera pamwamba kwambiri, kotero maso amangothamangira kutsogolo ndi kumwamba. Kutsogoloko kuli kachipinda ka guwa, mamita ngati atatu mbali zonse. Ndi zipinda ziwiri basi. Mipando imene ilimo lero imakwana anthu oposa 60 pang'ono, koma omanga sanaikemo mipando. Anthu ankaima, wansembe akuchita Misa m'Chilatini kuseri kwa khomo lopapatiza.

Khomo limenelo, lolekanitsa anthu ndi guwa, ndiye chinthu chokongola kopambana m'nyumbayi. Ndi lalitali mamita anayi ndi theka, lifupi lake mita imodzi ndi theka ndi pang'ono, ndipo pamwamba ndi lokhota ngati uta. Miyala ya utawo ndi yosemedwa mwaluso, uliwonse wopendekera molingana ndi unzake, yolumana popanda mipata. Ukatswiri wotere supezeka kwina m'tchalitchichi, n'chifukwa chake ambiri amakhulupirira kuti uta wonsewo unachotsedwa pa nyumba ina ya Aroma ku Binchester, mwala ndi mwala, n'kudzaumanganso kuno. Ngati zili choncho, ndiye kuti munthu woima pansi pake akuyang'ana ntchito ya manja a mibadwo iwiri yotalikirana zaka mazana angapo: amene anasema ndi amene anasamutsa.

Mbali ziwiri za khomolo zinamangidwa m'njira yapadera. Mwala wina waima chilili, wotsatira wagona chopingasa kulowa m'khoma, kenako wina woima, wina wogona, mpaka pamwamba. Woimawo umapereka msinkhu, wogonawo umamangirira mphuthu ku khoma. Kamangidwe kameneka kamapezekanso m'matchalitchi ena a nthawiyo, koma kuno kakuoneka bwino kwambiri moti akatswiri a zomangamanga anakapatsa dzina la mudziwu, amati Escomb fashion. Pansi pa utawo pakuonekabe zotsalira za utoto wa maluwa opotana, umene unapakidwa zaka mazana angapo pambuyo pa kumangidwa kwa tchalitchi.

Mazenera oyambirira alipo asanu, ndipo ndi aang'ono kwambiri, oikidwa m'mwamba. Awiri a kum'mwera ndi okhota pamwamba, awiri a kumpoto ndi a makona, ndipo lachisanu lili pamwamba pa khoma la kumadzulo. Yang'anitsitsani okhotawo: si miyala ingapo yolumikizidwa, koma mwala umodzi umene anaugoba kuti uoneke ngati uta. Kunja kabowo n'kakang'ono, koma m'kati kakumka kakutambasuka, kuti kuwala kochepa kolowako kumwazike m'chipinda pamene mphepo yozizira ndi mvula zikutsala panja. M'mbali mwa mazenera ena muli mizere yogobedwa, momwe mwina munkalowa zitseko za matabwa. Mazenera aakulu amene akuwalitsa m'tchalitchimu lero anabooledwa pambuyo pake, ena m'zaka za m'ma 1200, ena m'zaka za m'ma 1800. Kuti mumve mmene munalili poyamba, muyenera kuwachotsa amenewo m'maganizo mwanu, mutsale ndi asanu aja ndi kuwala kwa nyali.

Khoma la kumpoto lili ndi khomo lakale lotsekedwa, la mwala umodzi wogona pamwamba, ndipo mbali zake zikupendekera m'kati pang'ono pokwera, kotero pamwamba n'popapatiza kuposa pansi. Kuseri kwa gome lolalikirira kuli kamtanda kosemedwa pa mwala wa khoma, ndipo kuseri kwa guwa kwaimikidwa mwala wakale wokhala ndi mtanda.

Mawu akuti "chosungika bwino" ayenera kumvedwa mosamala. Chimene chatsala ndi zipupa. Denga lasinthidwa, khonde lolowera ndi la pambuyo pake, mbiya ya ubatizo ndi ya pambuyo pake. Palinso zimene zinachoka. Pakhoma la kumadzulo, panja, pakuoneka chipsera cha denga la chipinda china chimene chinagundana ndi tchalitchichi. Ofukula zakale atakumba mu 1968 anapeza maziko a chipinda chimenecho, komanso a kachipinda kena kumpoto kwa guwa, kamene khomo lake lotsekedwa likuonekabe. Anapezanso tizidutswa ta magalasi a mazenera tofanana ndi timene tinapezeka ku nyumba za amonke za ku Wearmouth ndi ku Jarrow. Tizidutswa timeneti tikusintha chithunzi chonse. Tchalitchi chimene lero chikuoneka chosalira zambiri, cha miyala ndi njereza, mwina chinali ndi magalasi, chinthu chodula zedi pa nthawiyo. Tikudziwanso kuti Benedict Biscop anabweretsa zithunzi zopentedwa kuchokera ku Roma kudzakongoletsa tchalitchi chake ku Wearmouth. Akhristu a nthawi imeneyo ankakonda mitundu yowala, golide ndi nsalu zokongola. Kuzizira ndi kuyera kumene alendo ambiri amakutama kuti ndiko "mzimu wa Anglo-Saxon" n'kumene kwatsala zokongoletsa zonse zitatha.

Nanga chaka chake n'chiti?

Mabuku a alendo amakonda kulemba kuti 670 mpaka 675. Palibe chikalata kapena mwala wolembedwa umene ukupereka zaka zimenezo. Ku Jarrow kuli mwala wonena kuti tchalitchi cha kumeneko chinapatulidwa pa 23 Epulo, m'chaka chimene chimawerengedwa kuti ndi 685. Escomb ilibe chotere. Dzina la mudziwu limayamba kuoneka m'zolembedwa cha kumapeto kwa zaka za m'ma 900, pa nkhani ya minda ya mpingo wa Cuthbert woyera, amene anali bishopu wa ku Lindisfarne, patapita zaka mazana atatu kuchokera pa nthawi imene tchalitchichi akuti chinamangidwa.

Choncho akatswiri amayerekeza. Chipinda cha guwa cha tchalitchi cha St Paul ku Jarrow, chimene ndi cha m'zaka za m'ma 600, chili ndi msinkhu, kupapatiza ndi timazenera tofanana ndi ta Escomb. Magalasi aja akuloza nyengo yomweyo. Ndiponso palibe pa Escomb zizindikiro za kamangidwe ka kumapeto kwa nthawi ya Anglo-Saxon, monga timizere ta miyala totuluka pakhoma timene takongoletsa nsanja ya ku Earls Barton ya m'zaka za m'ma 900. Mbali inayo, Bede, mmonke wa ku Jarrow amene anamaliza kulemba mbiri ya mpingo wa Angelezi mu 731 ndipo anamwalira mu 735, sanatchulepo Escomb. Ena amati umenewu ndi umboni woti tchalitchichi chinamangidwa iye atamwalira. Mfundoyi ndi yofooka, chifukwa Bede sankalemba mndandanda wa matchalitchi. Ankatchula malo pamene pachitika nkhani imene akufuna kufotokoza. Chonena mosaopa n'chakuti tchalitchichi ndi cha pakati pa zaka za m'ma 670 ndi kumapeto kwa zaka za m'ma 700. Wonena chaka chimodzi chenicheni akungokometsa nkhani.

Luso lozindikira nyumba za nthawi imeneyi nalonso si lakale. Kufikira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, ophunzira ankasokoneza ntchito ya Anglo-Saxon ndi ya Norman. Thomas Rickman ndiye anatsegula njira atayang'ana nsanja ya tchalitchi cha St Peter ku Barton-upon-Humber. Anaona kuti gawo lapamwamba ndi la kamangidwe koyandikira nthawi ya Norman, pamene la pansi ndi losiyana kotheratu, ndipo anati chimene chili pansi chiyenera kukhala chakale kuposa chimene chakhala pamwamba pake. M'zaka za m'ma 1900, Harold Taylor ndi mkazi wake Joan anayendera matchalitchi m'dziko lonselo, kuyeza ndi kulemba, ndipo anapeza oposa 250 okhala ndi mbali zina za Anglo-Saxon. Ambiri mwa amenewo ndi khomo limodzi, zenera limodzi, kapena nsanja, zomezedwa m'nyumba ya pambuyo pake.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Matchalitchi a mitengo anaola kapena kupsa. Nyumba za amonke zolemera za m'mbali mwa nyanja zinavutika ndi zigawenga za Viking zochokera ku Scandinavia, kuyambira pamene anaukira Lindisfarne mu 793. Koma amene anagwetsa ambiri ndi akhristu okhaokha. Atalanda dziko mu 1066, a Norman anagwetsa pafupifupi matchalitchi onse aakulu a Anglo-Saxon n'kumanga awo. Ku Durham komweko, tchalitchi chachikulu cha miyala chimene chinamangidwira mtembo wa Cuthbert pambuyo pa 995 chinalowedwa m'malo ndi chimene chilipo lero, chimene anayamba kumanga mu 1093. M'midzi yolemera, m'badwo uliwonse unkawonjezera: kuboola khoma kuti pakhale mbali ina, kutalikitsa kuguwa, kukulitsa mazenera. Escomb inali kanthambi chabe pansi pa parishi ya St Andrew ku Auckland, ya anthu ochepa olima. Zipinda ziwirizo zinkawakwanira, ndipo ndalama zochitira zoposa kuboola mazenera angapo panalibe.

Malasha ndiwo anasintha zinthu. M'zaka za m'ma 1800 migodi inatsegulidwa m'deralo, ndipo mu 1846 fakitale yosungunula chitsulo inayamba ntchito ku Witton Park, pafupi ndi Escomb. Anthu anakhamukirako. Katchalitchi kakale kanachepa, ndipo mu 1863 anamanga china chachikulu, cha St John, chakumtunda kwa mudzi. Chakalecho anachisiya. M'zaka zochepa denga linayamba kugwa, mvula n'kumalowa. Chinapulumuka pa zifukwa ziwiri. Choyamba, chatsopanocho anachimanga pamalo ena, osati pamwamba pa chakale. Chachiwiri, kumapeto kwa zaka za m'ma 1870 kunapezeka anthu otha kuwerenga miyala, mmodzi mwa iwo m'busa R. E. Hooppell wa ku Byers Green, amene pa nthawi yomweyo ankafukula linga la Binchester ndipo miyala ya Aroma ankaidziwa bwino. Nkhani itamveka kuti bwinja lija ndi la Anglo-Saxon, ndalama zinasonkhedwa, ndipo pofika 1880 linali litakonzedwa motsogozedwa ndi katswiri wa zomangamanga R. J. Johnson.

Kenako migodi ndi mafakitale zinatsekedwa, anthu anachepanso, ndipo tchalitchi chachikulu chija chinasanduka mtolo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 mpingo unabwerera m'tchalitchi chakale, ndipo cha St John chinagwetsedwa mu 1971, chitangokhala zaka 108.

Matchalitchi ena osungika bwino a nthawiyi anadutsa m'njira yofananayo. Cha St Laurence ku Bradford-on-Avon, m'chigawo cha Wiltshire, chinaiwalika mpaka mbali ina inasanduka sukulu, ina nyumba yogonamo, kufikira m'busa William Jones atachizindikira mu 1856. Cha St Peter ku Bradwell-on-Sea, ku Essex, chimene chimalumikizidwa ndi bishopu Cedd cha m'ma 654 ndipo nachonso chinamangidwa ndi miyala ya linga la Aroma, chinakhala nkhokwe ya mlimi kwa zaka zambiri, makoma ake ataboola kuti ngolo zizilowa, mpaka chinabwezeretsedwa ku mapemphero mu 1920. Katchalitchi ka ku Deerhurst, kamene mkulu wina dzina lake Odda anamangitsa mu 1056, kanapezeka katamezedwa m'nyumba ya pafamu.

Nkhaniyi imandikhudza chifukwa funso limene anthu a ku Escomb anakumana nalo mu 1863 ndi lomwe mipingo yambiri kwathu ikukumana nalo lero. Ulalo wake ndi weniweni: yunivesite ya Durham inali imodzi mwa zinayi, pamodzi ndi Oxford, Cambridge ndi Dublin, zimene zinayambitsa mishoni ya UMCA (Universities' Mission to Central Africa), imene inafika ku Magomero mu 1861 ndi bishopu Charles Mackenzie. Matchalitchi athu otchuka, monga St Michael and All Angels ku Blantyre cha mu 1891 ndi St Peter's pa chilumba cha Likoma, ali ndi owayankhulira. Amene ali pangozi ndi timatchalitchi ta njerwa ta m'midzi, tomangidwa ndi agogo athu, timene mpingo ukakula komiti imangogwirizana kuti tigwetsedwe, njerwa zake zikalowe m'maziko a chatsopano. Kumanga chachikulu sikulakwa, anthu ayenera kukhala ndi popempherera. Koma ngati malo alipo, chatsopano chimangidwe pambali.

Kwa amene ali ku Britain ndipo akufuna kukaona, sitima yochokera ku Darlington imafika ku Bishop Auckland, ndipo kuchokera pamenepo Escomb ndi pafupi. Ndi bwino kufufuziratu nthawi imene tchalitchichi chimakhala chotsegula, chifukwa si nyumba ya boma yosungiramo zakale yokhala ndi antchito pakhomo. Ndi tchalitchi cha parishi, chosamalidwa ndi akhristu ochepa a m'mudzimo, ndipo ngakhale chili m'gulu loyamba la nyumba zotetezedwa ndi malamulo a dzikolo, udindo wokonza denga ndi makoma umagwera mpingowo. Chopereka cha mlendo chimathandizadi. Yambani ndi kuzungulira panja musanalowe, pang'onopang'ono, chifukwa mwala wa LEG VI, wotchi ya dzuwa ndi chipsera cha denga lakumadzulo sizioneka kwa munthu wofulumira. Tsiku la dzuwa, kuwala kukamagwa cham'mbali, timizere ta amisiri a Aroma timaoneka bwino kwambiri.

Nthawi ikalola, pitaninso ku Binchester, kumene miyalayo inachokera. Mbali ya lingalo imatsegulidwa kwa alendo m'miyezi yofunda. Kumeneko kuli nyumba yosambiramo ya Aroma, yokhala ndi tizipilala tapansi timene tinkanyamula simenti kuti mpweya wotentha uzidutsa kunsi kwake, komanso chigawo cha msewu wa Dere Street. Pofukula kuyambira mu 2009, akatswiri a yunivesite ya Durham ndi anzawo anapezanso nyumba ina yosambiramo kunja kwa lingalo, makoma ake ataimabe mamita awiri pansi pa nthaka, mbali zina pulasitala wake akadalipo.